Pakhomo Pathu: Mwana Akati "Ndasamuka" ku Cape Town

Mwezi uno tati tikambirane za mau amodzi amene azolowereka m'makutu a mabanja ambiri amene ana ao akugwira ntchito ku Cape Town. Mauwo ndi akuti, "Ndasamuka." Kale mau otere ankabwera pa kalata, masiku ano amabwera pa lamya ya m'manja, kholo nkuyankha kuti, "Chabwino mwanawe, Mulungu akusunge," nkhani nkuthera pomwepo. Ife tikuona kuti siyenera kuthera pomwepo. Kwathu kuno munthu sasamuka mwakabisira. Amatsanzika kwa mfumu, abale amamperekeza, ndipo kumene akupitako amapeza wina womlandira ndi kumuonetsa pa chitsime, pa tchalitchi ndi ku manda. Koma mumzinda uja munthu atha kusamuka katatu chaka chimodzi popanda womfunsa kumene walowera.

Cape Town ndi mzinda wa padoko, wokhala pakati pa nyanja yamchere ndi phiri la Table Mountain. Udayamba m'chaka cha 1652 pamene Jan van Riebeeck adafika m'dziko la anthu a mtundu wa Khoikhoi kudzakhazikitsa malo oti zombo za ku Holland zizitungapo madzi ndi kupezapo nyama ndi ndiwo zamasamba. Kalembera wa 2011 adapezamo anthu 3.7 miliyoni, ndipo wa 2022 adapeza kuti akuyandikira 4.8 miliyoni. Ena mwa oonjezerekawa ndi mabanja opeza bwino ochokera ku Johannesburg ndi ku maiko a kutsidya kwa nyanja, amene amakopeka ndi kukongola kwa malowo. Ku Clifton, ku Camps Bay, ku Bantry Bay ndi ku Constantia kuli zina mwa nyumba zodula koposa m'dziko lonse la South Africa. M'nyumba zimenezi ndi m'minda yake ya maluwa ndi mmene ana athu ambiri amapezamo ntchito, pakuti Amalawi ali ndi mbiri ya kukhulupirika ndi khama kumeneko.

Mwezi ukamatha, misewu ya mzindawu imaonetsa misamuko ya mitundu iwiri. Pali msamuko wa bwana. Pakhomo pamaima chilole chotseka cha kampani yonyamula katundu, anyamata ovala yunifomu nkumanyamula makatoni olembedwa dzina la chipinda chimene katunduyo akakhale, ndipo kalilole akasweka panjira pali inshulansi yolipira. Kawirikawiri amene wakhala masiku atatu akukulunga makapu m'manyuzipepala ndi mwana wathu yemwe uja. Ndiye pali msamuko wa iye mwini: kagalimoto kapamtunda kamene kumeneko amakatcha bakkie, kobwereka kwa maola awiri, pamwamba pake matiresi, kasitovu ka magetsi, ndowa, ndi zikwama za mizeremizere zija timaziona pa depoti ya mabasi. Msamuko woyamba munthu amaukonzekera miyezi; wachiwiri kambiri umagwa ngati mvula ya chizimalupsa.

Chifukwa chake nchosavuta kumva tikawerengera ndalama. M'chaka cha 2024 malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma la South Africa adali R27.58 pa ola, ndipo kuyambira 2022 wantchito wa m'nyumba amawerengedwa mofanana ndi antchito ena onse. Munthu wogwira maola 45 pa sabata pa mtengo umenewu ankalandira pafupifupi R5,400 pa mwezi. Lendi ya kanyumba ka chipinda chimodzi ku Sea Point inkaposa ndalama imeneyi kawiri kapena kupitirira. Motero wantchito sangakhale kumene amagwira ntchito pokhapokha bwana atampatsa boyizikota. Otsalawo amakafuna malo ku Imizamo Yethu kufupi ndi Hout Bay, ku Masiphumelele kufupi ndi Fish Hoek, ku Dunoon, ku Vrygrond kufupi ndi Muizenberg, kapena m'tinyumba tamatabwa tomangidwa kuseri kwa nyumba za eni, timene amatitcha wendy house. Kumeneko mwini malo akapeza womlipira zambiri, kapena mbale wake akafika kuchokera kumudzi, wolipira lendi ndiye amayamba kumanga katundu.

Ndipo wokhala m'boyizikota asadziyese wokhazikika. Nyumba yake yamangiriridwa ku ntchito yake monga dengu ku njinga. Bwana akagulitsa nyumba nalowa m'fulati yosanja yopanda chipinda cha wantchito, kapena akanyamuka kunka ku Australia, mwana wathu amataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi. Lamulo loona za antchito a m'nyumba limanena kuti amene wagwira ntchito kupitirira miyezi isanu ndi umodzi achenjezedwe kutatsala masabata anayi. Kuti bwana akathetsa ntchito mwadzidzidzi nthawi ya chenjezo isanakwane, amsiye wantchito m'chipindacho kwa mwezi umodzi. Ndiponso kuti ndalama yodulidwa kaamba ka chipinda isapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro. Mwezi umodzi ndi waufupi mumzinda umene anthu ambiri amalimbirana kachipinda kamodzi.

Wina atha kufunsa kuti, nanga chifukwa chiyani osauka a mumzindawu amakhala kutali chotere ndi ntchito zao? Sizidangochitika zokha. M'chaka cha 1950 boma la tsankho lidakhazikitsa lamulo la Group Areas Act, logawa malo okhala potsata khungu la munthu. M'tsinde mwa phiri, pafupi ndi doko, padali mudzi wotchedwa District Six, mmene munkakhala anthu a mitundu yosiyanasiyana, Akhristu ndi Asilamu, ogwira ntchito padoko, osoka zovala ndi a malonda. Pa 11 Febuluwale 1966 boma lidalengeza kuti malowo ndi a azungu okha. M'zaka zotsatira anthu oposa 60,000 adasamutsidwa, nyumba zao nkugumulidwa ndi makatapila, iwo nkukatulidwa ku chigwa cha mchenga chotchedwa Cape Flats. Mu 1967 zomwezo zidagwera anthu a ku Simon's Town, tauni ya doko la asilikali a pamadzi, ndipo ambiri adawapititsa ku Ocean View. Mu 1983 boma lidayamba kumanga Khayelitsha, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa mzinda. Dzinali m'Chixhosa litanthauza "nyumba yatsopano". Lamulo lija lidathetsedwa mu 1991, koma misewu ndi nyumba zidatsala pomwe zidaikidwa, ndipo ntchito yogawa anthu imene kale inkagwiridwa ndi apolisi tsopano ikugwiridwa ndi mtengo wa lendi.

Ife a Chipresbiteriya nkhani imeneyi sitingaimve ngati ya eni. Ndi abusa a mpingo wa Dutch Reformed a ku Cape amene adatuma Mbusa A.C. Murray, amene pamodzi ndi Mbusa T.C.B. Vlok adatsegula Mvera mu 1889. Timayamika Mulungu chifukwa cha Uthenga umene adabwera nao. Komanso tiyenera kunena poyera kuti mpingo womwewo udakhala zaka zambiri ukuvomereza tsankho limene lidagumula District Six, ndipo kuti kudali ku Belhar, limodzi mwa madera a ku Cape Flats, kumene Akhristu osalidwa aja adavomereza chikalata cha chikhulupiriro chotsutsa tsankholo m'chaka cha 1986.

Pali chinthu chimodzi cha ku District Six chimene tifuna kuti makolo achisunge. Makatapila adasiya matchalitchi angapo ndi mizikiti ili chilili pakati pa bwinja, ndipo ena mwa osamutsidwa aja ankakwerabe basi ndi sitima ya pamtunda kubwerera kudzapembedza komweko. Mu 1994 m'tchalitchi chakale cha Methodist, mu msewu wa Buitenkant, mudatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri ya mudziwo. Pansi pake adayalapo mapu akulu a misewu yakale, ndipo eni mudzi amabwera nkulemba maina ao pamalo pamene padali makomo ao. Ambiri mwa anthuwa adapatsidwa nyumba za njerwa kumene adapitako. Chimene amalira kufikira ukalamba ndi anansi: mai amene ankayang'anira ana a msewu wonse, wa sitolo amene ankakongoza buledi osalemba, anthu amene ankadziwa dzina la munthu ndi la agogo ake. Zimenezi sizikwera pa galimoto. Ndipo mwana wathu akamasamuka chaka ndi chaka, amataya zomwezi pang'onopang'ono, ngakhale palibe wampirikitsa ndi mfuti.

Tsono tilankhule ndi inu achinyamata amene muli kumeneko kapena mukulinga kupita. Akulu adati safunsa adadya phula. Chipinda chimene mwachiona mu Febuluwale sindicho chimene mudzagonemo mu Julayi. Nyengo ya ku Cape njosemphana ndi yathu: mvula imagwa nthawi ya chisanu, kuyambira cha mu Meyi kufikira Ogasiti, ndipo ku Cape Flats madzi ali pafupi pansi pa mchenga, kotero kuti nyumba za m'malo otsika zimalowa madzi chaka ndi chaka. Yang'anani m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyontho, ndipo funsani anansi, osati mwini nyumba yekha. M'chilimwe namonso muli mdani wina, ndiye mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imakolezera moto m'malo a nyumba zothithikana. Mu Malichi 2017 moto udapsereza nyumba zoposa 2,000 ku Imizamo Yethu, ndipo mu Disembala 2020 zoposa 1,000 zidapsa ku Masiphumelele. Musanalipire kanthu, onani ngati pali njira yothawira usiku mutanyamula mwana, ndipo pasipoti ndi mapepala ena ofunika azikhala m'kachikwama kamodzi pafupi ndi khomo.

Werengeraninso mtengo wa ulendo. Chipinda chotsika mtengo chimene chili kutali chimabweza pa minibasi ndalama zonse zimene mwapulumutsa pa lendi, nkukulandaninso tulo ta m'mawa ndi Sabata lomwe. Funsani za magetsi, ngati muli ndi mita yanuyanu kapena mukugawana ndi mabanja ena. Mikangano yambiri ya pabwalo limodzi imayambira pa mayunitsi. Za madzi chimodzimodzi. Amene adali kumeneko mu 2018, pamene chilala chidakakamiza akulu a mzinda kulamula kuti munthu aliyense asapitirire malita 50 pa tsiku, akukumbukira mmene mpopi umodzi udadanitsira anthu opemphera pamodzi.

Nkhani ya dipoziti ndiyo imaliza ambiri, choncho tikhalepo pang'ono. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limateteza wolipira lendi m'njira zingapo zimene ana athu ambiri sazidziwa. Mukapempha kuti pangano lanu lilembedwe, mwini nyumba ayenera kulilemba. Pa ndalama iliyonse imene mwapereka ayenera kukupatsani risiti. Dipoziti si ndalama yake yoti adye. Ayenera kuisunga ku banki, ndipo chiwongoladzanja chake nchanu. Musanalowe, inu ndi iye muyendere chipindacho pamodzi ndi kulemba zonse zoonongeka kale, monga zenera losweka kapena chitseko chosatsekeka. Jambulaninso zithunzi pa lamya yanu. Potuluka muyenderenso pamodzi. Ngati palibe choonongeka kapena ngongole, dipoziti ibwezedwe pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, yotsalayo ibwezedwe pasanathe masiku 14, ndipo muli ndi ufulu woona malisiti a zimene wakonzetsazo. Mwini nyumba akakana kuyendera chipinda pamodzi nanu, lamulo limayesa kuti chipindacho chili bwino. Pakabuka mkangano pali bwalo lotchedwa Rental Housing Tribunal, limene limamva madandaulo mwaulere, popanda loya. Komanso malamulo akulu a dzikolo, a 1996, amaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khothi. Kukhoma loko wina pa chitseko kapena kudula magetsi pofuna kumthamangitsa ndi mlandu.

Tikudziwa kuti amene mapepala ake a chilolezo sali bwino amaopa kufika pa bwalo lililonse, ndipo eni nyumba ena amadziwa mantha amenewa nkumadyerapo. Ichi nchifukwa china choti munthu asanyozere kukonza mapepala ake. Komanso tisaone mbali imodzi yokha. Mkhristu asatuluke usiku mozemba atasiya ngongole ya miyezi iwiri, poganiza kuti mzinda ngwaukulu sadzampeza. Iye sadzapezekadi, koma Mmalawi wina wodzafunsa chipinda chomwecho mawa ndiye adzalipire mlanduwo. Perekani chenjezo la mwezi wathunthu, sesani chipinda, bwezani makiyi m'manja mwa mwini wake, tsanzikani kwa anansi. Ndipo bwana wakale akamasamuka, mpempheni kalata ya umboni wa ntchito iye asanakwere ndege, pakuti kumeneko ntchito ya m'nyumba imapezeka ndi mau a bwana wina kwa mnzake.

Pali nkhani ina imene ena sangakonde kuti tiitchule, koma tsamba lino ndi la banja. Lendi yokwera yakwatitsa anthu ambiri amene sadafunsirane. Mnyamata ali ndi chipinda, mtsikana watulutsidwa kumene amakhala, mvula ili kugwa. Amvana kuti agawane lendi "kwa mwezi umodzi wokha". Pakutha chaka pali mwana, ankhoswe sakudziwa, abusa sakudziwa, ndipo nthawi zina kumudzi kuli mkazi wa ukwati woyera akudikira ndalama ya feteleza. Sitikunena izi moweruza ngati anthu osadziwa kuzizira kwa usiku wa mu Juni. Tikunena kuti tsiku la msamuko ndi tsiku la mayesero, ndipo mtsikana amene ali ndi amai a Chigwirizano kapena a Mvano omdziwa amapeza pogona sabata imeneyo popanda kugula pogonapo ndi moyo wake wonse.

Apa mpamene pafunika kalata ya mpingo. Dongosolo lathu la Chipresbiteriya lidaika kuti Mkhristu akamasamuka atenge kalata kwa abusa ndi akulu a mpingo, akaipereke kumene wapita, kuti alandiridwe pa Mgonero ndi kukhala pansi pa mkulu wa dera. Ambiri amaiyesa kapepala ka mwambo chabe. Ena amanyamuka osaitenga, poti akungopita "kukaona kaye". Ena ili pansi pa sutikesi chaka chachisanu, yasamuka nao nyumba zinayi osatuluka mu envulopu. Koma kalata imeneyi ndiyo yokha mwa katundu yense imene imampatsa mlendo anansi tsiku lomwe wafika. Mumzindawu Apresbiteriya si achilendo: tchalitchi cha St Andrew's, kufupi ndi doko, chidatsegulidwa mu 1829, ndipo mipingo ya Chipresbiteriya ndi ya Reformed ili m'madera ambiri. Kumene kuli Amalawi osonkhana kupemphera m'chinenero chathu, pitani kumeneko. Kumene kulibe, loŵani pamene pali pafupi, ngakhale nyimbo zili m'Chixhosa kapena m'Chingerezi. Mneneri Yeremiya, polembera a mtundu wake amene adatengedwa kunka ku Babulo, sadawalangize kukhala ngati anthu a pa ulendo. Adawauza kuti akhazikike ndi kuufunira zabwino mzinda umene adalimo.

Amene muli ndi ana a sukulu, kumbukirani kuti chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu Januwale ndipo malo amalembetsedwa miyezi yambiri chisanayambe, kotero kusamuka pakati pa chaka kutha kumkhalitsa mwana pakhomo. Mu 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, koma chigamulo sichipanga desiki pamene kalasi yadzaza. Ngati nkotheka, samukani mu Disembala.

Kwa inu makolo, pempho lathu loyamba ndi lakuti mwezi wa msamuko mumpumuze mwana. Mwezi umenewo amalipira lendi, dipoziti yofanana ndi lendi ya mwezi wina kapena iwiri, ndi galimoto yonyamula katundu, pamene dipoziti yakale isanabwere. Akamva mau a mai ake akuti denga likudontha, adzatumiza ndalama ya dipoziti, iye nkukagona pamene simungakonde kumva. Zithunzi zimene amakutumizirani ataima pafupi ndi dziwe losambiramo kapena kutsogolo kwa zombo zoyera za padoko zisakunyengeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziwelo ndi limene amatsuka Lolemba.

Pempho lachiwiri ndi lakuti mufunse mafunso. Wasamuka chifukwa chiyani? Ukukhala ndi yani? Ndani akukudziwa kumeneko? Kalata udapereka kwa abusa ati? Mwana atha kuyankha monyinyirika, koma funsanibe. Akulu a mpingo nawonso, popereka kalata, alembe m'buku kumene munthuyo akupita, ndipo pakapita miyezi itatu afunse kwa makolo ake ngati idafika.

M'malo ambiri amene tatchula aja mulibe dzina la msewu kapena nambala ya nyumba yoti munthu wochokera kutali nkuilondola, ndipo lamya ya m'manja imabedwa kapena kusinthidwa nambala. Pakagwa matenda kapena zovuta, mabanja ena akhala masabata osadziwa poyambira kufunafuna. Choncho pa msamuko uliwonse pemphani dzina la dera, chizindikiro chapafupi monga sukulu kapena sitolo, ndi nambala ya munthu wina wachiwiri, kaya mnansi kaya mkulu wa mpingo. Zilembeni m'kope limene mumasungamo makadi a ubatizo, pamodzi ndi tsiku lake. Zakalezo musazifafanize, pakuti kawirikawiri mnansi wa pa nyumba yakale ndiye amadziwa kumene bakkie ija idalowera.